Makina anga ochapira sanafe, anangotsamwa ndi K10

Linali Lachiwiri m'mwezi wa June 2022, nthawi ija kumazizira mpaka madzi a mu ndowa kumaluma zala, pomwe makina anga ochapira anangoima pakati pa ntchito. Madzi ali tho m'kati, zofunda za bambo zili momwemo, chitseko chakana kutseguka, kagetsi kofiira kakungophethira. Ndinazimitsa, kuyatsanso, kuzimitsa, kuyatsanso, amangong'ung'udza pansi apo kenako zii. Ndinakhala pansi pa simenti pompo n'kuyamba kulira, chifukwa amene sanasamalepo wodwala wa pa mphasa sangamvetse msanga kuti mabedishiti awiri akatsekeredwa m'makina pomwe ena awiri ali pa chingwe osauma, funso limakhala loti usiku uno munthu wamkulu agona pa chiyani.

Bambo anga anadwala sitiroko mu 2021. Tinakawatenga kumudzi ku Thyolo kuti adzakhale nafe kuno ku Machinjiri, mbali yonse ya kumanja itafooka, mawu akutuluka movutikira, ndipo miyezi yoyambirira kupita okha kuchimbudzi kunali kosatheka. Munthu woti wagwira ntchito pa chigayo zaka zake zonse, wonyamula thumba la chimanga ndi dzanja limodzi. Nde kuchapa kunali kwa tsiku ndi tsiku, mabedishiti, mathawulo, zitenje zoyala pansi, mathalauzi, ine ndikudzuka 4 koloko m'bandakucha kuti ndichape ndisanapite ku ntchito, mpaka zala zinang'ambika ming'alu yoti sopo akalowamo umachita kuluma mano. Achimwene anga a ku Joni atamva ndi amene anatumiza makinawa, ogwiritsidwapo kale ntchito pang'ono, aja otsegula kutsogolo okhala ndi chitseko cha galasi, a 7 kg. Anabwera pa lole atakulungidwa m'mabulangete, opanda munthu wondiuza kuti chinthuchi chimafuna chiyani ndipo chimadana ndi chiyani.

Zolakwika zinayamba sabata yoyamba yomwe. Zinthu za ku South Africa zimabwera ndi pulagi ya mano atatu obulungira akuluakulu aja, pomwe masoketi athu kuno ndi a mano a makona, nde ndinangogula adaputala ya pa msika n'kulumikiza. Patapita masiku ochepa ndinamva kafungo ka pulasitiki yopsa, kukhudza adaputala ija ikutentha ngati mbatata ya pa makala, mbali imodzi itayamba kusungunuka. Makina amenewa akamatenthetsa madzi amakoka magetsi pafupifupi ma watt 2000, chimodzimodzi ketulo, koma kwa nthawi yaitali kuposa ketulo, ndipo adaputala yolowa mogwedera kapena ekisitenshoni ya waya woonda sizingapirire. Anadzadula pulagi ija a magetsi n'kuikapo yathu yokhala ndi fyuzi ya 13 amp, yolowa mu soketi ya pakhoma mwachindunji. Omwewo ndi amene anapeza kuti soketi ya kukhonde kwathu inalibe waya wa ethi, uja wopititsa pansi magetsi othawira pa chitsulo, ndipo ndinakumbuka kuti tsiku lina nditagwira chitsulo cha makina ndili osavala nsapato ndinamva kunyerenyetsa m'dzanja koma ndinangozinyalanyaza. Chonde kunyerenyetsa kumeneko musamakuone ngati kanthu kakang'ono, pamalo ochapira pamakhala ponyowa ndipo ana amayenda opanda nsapato.

Kenako kunali kuvina. Akafika pofinya, makina amayenda okha kuchoka pakhoma mpaka kukoka paipi, phokoso lake anthu oyandikana nawo nyumba kumatuluka panja. Ndinajambula kavidiyo n'kutumiza pa WhatsApp, achimwene akuti "Iwe, mabauti akumbuyo aja unachotsa?" Ine mabauti ati. Kumbuyo kumakhala mabauti atatu kapena anayi omangira dilamu, chimgolo chozungulira chija moika zovala, kuti isamagwedezeke pa ulendo, iwo anawabwezeretsa potumiza poopa mabampu a mumsewu, ndipo amayenera kuchotsedwa makina asanayambe ntchito kuti dilamu izilendewera pa masipuling'i ake. Titachotsa, n'kukonza timiyendo take tozungulira tija mpaka tonse tinayi titaponda pansi mofanana, kuvina kunatha. Mabautiwo ndinawasunga m'kabotolo podikira tsiku losamuka.

Tibwerere ku Lachiwiri lija. Mmisiri woyamba amene anandilozera anabwera masana, anangoyang'ana kagetsi kaja, osatsegula paliponse olo kugwada pansi, akuti "Madamu, apa bodi yapita, mundipatse ndalama ndikayang'ane ina ku Limbe, apo ayi mundigulitse ngati sikirapu." Bodi ndi kakompyuta kolamulira makinawo. Mtengo umene anatchula unali woti ndikanapereka ndiye kuti mankhwala a bambo a BP mwezi umenewo palibe. Ndinangoti ndiganize kaye. Usiku umenewo bambo anagona pa zitenje zanga zatsopano zomwe ndinkasungira ukwati wa mng'ono wanga.

M'mawa mwake mnzanga wa ku ntchito anandipatsa nambala ya abambo ena achikulire a ku Ndirande okonza mafiriji ndi makina otere. Anabwera pa minibasi ndi kachikwama kakang'ono kwambiri moti mtima unakaika. Asanakhudze kanthu anapita kaye kuchipinda kukapereka moni kwa odwala, kenako anandifunsa mafunso atatu basi: "Mayi, madzi amalowa? Dilamu imazungulira? Nanga madzi amatuluka?" Ndinati kulowa analowa, kuchapa anachapa, koma ataima madzi anali momwemo. Anangogwedeza mutu. Anazula pulagi pakhoma, anapempha beseni losaya ndi chiguduli, anagwada, n'kutsegula kachitseko kakang'ono ka pansi kutsogolo komwe ine chaka chonse ndinkaona ngati n'kokongoletsa. M'katimo munali kapaipi kakuda kotseka ndi kachivindikiro, anakasolola n'kuyamba kukhetsera madzi mu beseni, kudzaza, kukataya, kudzaza, kukataya, mpaka dilamu inauma. Atatero anapotokola chotsekera chachikulu chobulungira chili pambali pake n'kuchisolola.

Zomwe zinatuluka mmenemo ndimazikumbukirabe. Ndalama yachitsulo ya K10 itada bii, zipini ziwiri zadzimbiri, batani la jekete, kamtengo ka machesi, ndi mpira wa ulusi wa m'mphepete mwa zitenje utapotana ndi tsitsi la mesh. Anawalitsa tochi ya foni m'bowomo n'kundionetsa timapiko ta pampu, akuti "Lowetsani chala muzungulitse." Kuzungulira kwake kumakhala kodumphadumpha pang'ono, ndi mmene imakhalira, koma dzulo lake K10 ija inali itapanikiza timapikoto osasuntha, nde kung'ung'udza kuja inali pampu ikuyesetsa. Makina akaona kuti madzi sakutsika amaima, safinya, ndipo chitseko sachitsegula dala kuti madzi asakhuthukire m'nyumba. Anabwezeretsa zonse, kuyatsa, madzi otsukuluzira analowa n'kutuluka bwinobwino. Ntchito yonse sinakwane ola. Ndalama imene anapempha inali ya minibasi ndi ya sopo basi, ndinawaonjezera ndekha ndi kuwaphikira tiyi, ndipo pa tiyi paja anandiuza kuti makina ambiri amene amagulitsidwa ngati akufa m'matauni muno amakhala otsekeka chabe kapena lamba waduka.

Kuyambira tsiku limenelo mafunso atatu aja ndi amene ndimayambira. Makina ena amalemba tizilembo pa sikirini, ngati a LG akalemba OE kapena a Samsung akalemba 5E kapena 5C akunena nkhani yomweyi ya madzi osatuluka, IE kapena 4E ndi 4C ndi madzi osalowa, UE ndi zovala zounjikana mbali imodzi. Anga alibe sikirini, amangophethira, nde ndimadalira khutu ndi maso.

Nkhani ya madzi olowa ndi imene yandivutitsa kambirimbiri kuposa zonse. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera ku Shire, ku Walker's Ferry, amachita kuwapopa kukwera nawo mtunda wonsewu, nde ife a m'mapiri timadziwa kuti pali masiku ena mpope umangotulutsa mpweya. Akamabwerera, oyambirira aja amakhala ofiirira chifukwa akokolola zonse zomwe zinakhazikika m'mapaipi. Pomwe paipi ya madzi imalumikizana ndi makina kumbuyo pali kasefa kakang'ono ngati kachipewa ka mwana wa chidole, ntchito yake kugwira mchenga kuti usalowe mu valavu, ndipo kakadzaza makina amangomveka kuti sssss kwa mphindi zambiri, madzi akudontha pang'onopang'ono mu dilowa ya sopo, mpaka amatopa n'kuima. Mankhwala ake ndi kutseka mpope, kumasula paipi, kukasolola ndi pulayazi mosamala osakaboola, kukatsuka ndi mswachi wakale n'kukabwezera. Ena amangokataya kuti madzi azithamanga, koma mchenga ukalowa mu valavu imasiya kutseka bwino ndipo mudzapeza makina ozimitsidwa adzaza okha madzi usiku. Panopa madzi akabwera ndimayamba ndatsegula mpope wa panja mpaka ayere, ofiirawo kuthirira masamba, kenako ndi pomwe ndimatsegulira wa makina.

Tinaika thanki poganiza kuti tathana nazo, koma thanki yathu ili pamwamba mamita atatu okha. Madzi amafunika kukhala pamwamba mamita 10 kuti mphamvu yake ikwane 1 bar, ndipo timabuku ta makina otsegula kutsogolo timapempha theka la bar kapena bar yathunthu, nde mamita atatu aja akuperewera. Amalowa inde koma mwaulesi, sopo wina kutsalira mu dilowa atauma gwa. Masiku a thanki ndimasungunula sopo m'kapu n'kuthira mu dilamu momwemo ndisanaike zovala.

Apa ndinene maganizo anga mosabisa. Munthu akandifunsa kuti ndigule makina ati, ndimayamba ndamufunsa za madzi a kwawo, ndipo ngati amatunga pa mjigo kapena pa kiyosiki kapena mpope wake ndi wa kamodzi pa sabata, ndimamuuza kuti agule aja a mbali ziwiri timati twin tub, olo anthu amawaona ngati achikale. Mng'ono wanga ku Lunzu ali nawo. Amathira madzi ndi ndowa, madzi amodzi amachapira zoyera kaye kenako zamitundu kenako zigamba zokolopera, magetsi akazima pakati amangovuula zovala ndi manja n'kumaliza mu beseni, palibe chotsekeredwa. M'kati mwake mulibe bodi ya kompyuta, muli mota ziwiri, lamba, taimala ya makiyi ndi kapasita, zinthu zoti mmisiri wa pa msika uliwonse amazidziwa. Ake atayamba kung'ung'udza osazungulira, koma ukakankha chozunguza chija ndi kamtengo n'kuyamba kuyenda, vuto linali kapasita, kachitini kakang'ono kothandiza mota kunyamuka, anasinthitsa tsiku lomwelo. Kapasita musamakagwire nokha ngati simukudziwa, kamasunga magetsi olo pulagi mwazula. Zina zake n'zosavuta, paipi yotulutsa madzi iziyalidwa pansi chifukwa ambiri alibe pampu, madzi amangotsetsereka okha, pofinyira muzikanikiza zovala mofanana n'kuikapo kachivindikiro ka pulasitiki kaja kuti sokosi isadumphire m'mbali, ndipo osathira ndowa ya madzi pamwamba pa makiyi. Anga ndi osiyana, paipi yotulutsa imafunika ikwere kaye masentimita pakati pa 60 ndi 90 isanatsike, ikagona pansi madzi amangolowa n'kumatuluka nthawi yomweyo makina osadzaza.

Za sopo zinanditengera nthawi kuti ndivomere. Tinakula tikudziwa kuti thovu ndiye umboni woti zovala zikuyera, amayi anga ku mtsinje thovu likachepa ankatikalipira kuti tikuumira sopo. Nde ine ndinkathira safu wochapira pamanja yemweyu, dzanja lodzaza kawiri, galasi lonse kuyera mbuu ndi thovu, mtima kumakhala m'malo. Abambo a ku Ndirande aja ndi amene anandifunsa kuti "Mayi, kumudzi pochapa pamwala, mumayala pilo pamwalapo?" Makina otsegula kutsogolo amachapa ngati mmene timamenyera chovala pamwala, amachinyamula m'mwamba n'kuchigwetsa, kuchinyamula n'kuchigwetsa, nde thovu likachuluka chovala chimagwera pa wofuwofu osamenyeka. Pampu nayo thovu siitha kulikoka bwino, makina amaona ngati madzi akadalimo, amangoonjezera nthawi, kutsukuluza kosatha, mayunitsi akupita. Choipa kwambiri kwa ine chinali choti sopo wotsalira mu nsalu ankawayabwa bambo kumsana, munthu wogona nthawi yaitali khungu lake silichedwa kutupa ndi kuchita zilonda. Sopo wa makina otere pa paketi amalemba kuti automatic, ndi wodulirapo koma amalowa wochepa kwambiri, ndipo nditasintha kuyabwa kuja kunachepa. Masiku ovuta ndalama ndimathirabe wamba koma kasupuni kamodzi kapena tiwiri basi.

Zovala za wodwala sindiziponya m'makina mmene zilili. Ndimavala magolovesi, kuchotsa zoipa kaye n'kukataya kuchimbudzi, kutsukuluza mu ndowa yake yapadera, ndi pomwe zimalowa, pa madigiri 60, pazokha osasakaniza ndi za ana. Zina zonse za m'nyumba ndimachapa ndi madzi ozizira chifukwa chomwe chimadya mayunitsi ndi kutenthetsa madzi, mota payokha siidya zambiri. Mayunifolomu a ana obwera ndi dothi la katondo timakung'untha kaye panja, matumba onse kupisamo dzanja, mazipi kutseka, ma bra a waya ndi timasokosi ta mwana kuika mu pilokesi n'kumanga, zitenje zatsopano zosasoka m'mphepete kuchapa pamanja. Mwana wa achemwali anga amene ndimakhala naye amadziwa kuti ndalama yopezeka m'thumba asanachape ndi yake, nde amapisa mwakhama.

Panali nthawi ina zovala zinkatuluka ndi kafungo ka chinyontho ngati thawulo loiwalika mu chikwama. Nditapinda labala wa pachitseko uja ndinapeza chuku chakuda ndi madzi okhazikika m'khwinya mwake, dilowa ya sopo nayo kunsi kwake kuli ndere zoterera. Ine ndinkatseka chitseko ndikangomaliza poopa fumbi, eti ndikusamala. Panopa ndikamaliza ndimapukuta labala, chitseko ndi dilowa kuzisiya zotsegula pang'ono kuti mupite mphepo, ndipo kamodzi pa mwezi ndimayendetsa makina opanda zovala pa madzi otentha kwambiri. Amene muli ndi ana oyamba kuyenda muziyang'anamo musanatseke, ana ndi amphaka amakonda kulowamo. Kusita sindinasiye olo zovala zichoke m'makina zoyera bwanji, chilichonse choyanika panja makamaka za bambo ndi za mwana chimapita pa simbi chifukwa cha mphutsi zija ntchentche zimaikira pa zovala zonyowa.

Chaka cha 2022 chija aliyense akukumbukira mmene magetsi analili. Namondwe wa Ana mu January anawononga damu la ku Kapichira, ma megawatt pafupifupi 130 n'kuchoka nthawi imodzi mpaka 2023, nde kuchapa kunali kwa pakati pa usiku, kutchera khutu kuti firiji ikangolira udzuke. Ndinaphunzira kusankha pulogalamu yaifupi kuti ithe magetsi asanapite. Akazima pakati, makina anga amakumbukira pomwe analekezera n'kupitiriza akabwera, koma ngati zofunda zikufunika msanga ndimadziwa tsopano njira ya kapaipi kakuda kaja, kukhetsa madzi, kudikira mphindi ziwiri kapena zitatu kuti loko amasuke yekha. Osakoka chitseko mwamphamvu, chogwirira chake ndi pulasitiki ndipo chikathyoka kuchipeza kwake ndi ulendo. Bodi imene mmisiri woyamba ankanamizira ija imapsadi zoona, ndipo nthawi yoopsa ndi pomwe magetsi akubwerera kapena akubwera ofooka mababu ali psuu, komanso nyengo ya ziphaliwali. Nde magetsi akangozima ndimazula pulagi, akabwera ndimadikira kaye mphindi zingapo, ndipo ndikamaliza kuchapa sindisiya cholumikiza. Ndinagulanso kachida koteteza kaja kamachedwetsa magetsi kulowa, koma muziwerenga ma amp ake, tambiri ta firiji n'tochepa mphamvu, makina otenthetsa madzi amafuna ka 13 amp.

Makoswe nawo anandionetsa. Titalandira matumba a chimanga kuchokera kumudzi tinawaunjika pakhonde pomwepo pafupi ndi makina, patangotha mwezi ndinapeza madzi pansi ndikamachapa. Makina ambiri kunsi kwake n'kotsegula, m'kati n'mofunda ndi mouma, khoswe analowa n'kutafuna paipi ya labala ndi kuyamba waya umodzi wa ku pampu. Mwayi wake madzi ndi amene anaulula msanga. Mmisiri anamata wayayo, kusintha paipi, n'kutchinga kunsi ndi waya wa sefa, chimanga tinasamutsa. Mphemvu nazo zimakonda kufunda kwa bodi, nde kumbuyo ndi kunsi timasesako sabata iliyonse.

Cholakwa chimene zotsatira zake ndikuziona panopa ndi kulemetsa. Nambala ija ya 7 kg ndi kulemera kwa zovala zouma, ndipo pamwamba pa zovala payenera kutsala malo oti dzanja lilowe choimika. Koma munthu ukakhala ndi maola atatu a magetsi ndi mulu wofika m'chiuno umakanikiza ndi bondo kuti chitseko chitseke, ndinachita zimenezo kambiri. Choposa apo ndi mabulangete a ku Joni aja okhuthala awiri pamodzi, likamwa madzi limalemera moti anthu awiri kufinya amavutika, ndipo pofinya limaunjikana mbali imodzi, dilamu kumamenya m'mbali kuti gu gu gu, makina kuima, kuyesanso, kuima. Ndinkawakakamiza kubwereza mpaka atheke. Kulemera konseko kumathera pa mabering'i awiri a kumbuyo kwa dilamu, pomwe dilamuyo imazungulirira, ndi kalabala kotchinga madzi kuti asawafike, kakangotha madzi amalowa, girizi amasukuluka, dzimbiri n'kuyamba. Mabulangete akuluwo panopa timapondaponda mu bafa ndi mapazi ngati kale, ndipo chinthu cholemera chimodzi ngati thawulo lalikulu sindichichapa chokha, ndimaikamo tina tiwiri kuti zigawane mbali.

Ine sindinamve kanthu kachilendo m'makinamo poyamba. Bambo panopa amatha kuyenda pang'ono ndi ndodo, m'mawa amakhala pa mpando pakhonde kuothera dzuwa pafupi ndi makinawo, mawu akadali ochepa, tsiku lonse mwina khumi. Mwezi wathawu makina ali pakati pofinya ndinaona atapendeketsa mutu ngati mmene ankachitira pa chigayo ndili mwana, akuloza ndi dzanja lamanzere lija. Ndinathamanga poganiza kuti akufuna kuchimbudzi. "Bambo, mukufuna chiyani?" Analimbana nalo liwu kwa kanthawi, kenako linatuluka lomveka bwino, "Bering'i." Ndinazimitsa, kuchotsa zovala, kuzungulitsa dilamu yopanda kanthu ndi dzanja khutu lili pafupi, ndipo kunalidi kaphokoso kokhuluza ngati mwala wopera uli patali. Nditagwira m'mphepete mwa dilamu n'kuikwezera m'mwamba inagwedera pang'ono, chinthu choti kale sichinkachitika.

Ndinaimbira abambo a ku Ndirande, akuti bering'i imatha pang'onopang'ono koma ndisadikire mpaka izilira ngati ndege, chifukwa ikafika pamenepo imadya shafiti, chitsulo chozunguza dilamu, ndipo mtengo wake umaposa wa makina. Akuti nkhani yagona pa mgolo wakunja uja wosunga madzi, ngati ndi womanga ndi mabauti amautsegula pakati n'kusintha mabering'i ndi kalabala kake, mabering'iwo amapezeka m'mashopu a zipangizo za galimoto bola kutenga nambala yake, koma ngati ndi womata ku fakitale ntchito imakula. Chichokereni kugwa kwa kwacha kwa November 2023 kuja ndi 44 peresenti, chilichonse chochokera kunja ndimayamba ndafunsa mtengo kawiri, nde ndayamba kupatula pang'ono pa ndalama ya banki m'khonde. Pakadali pano ndatsitsa liwiro lofinyira kufika pa maulendo 800 pa mphindi ndipo ndikuchapa theka theka.

Abwera Loweruka kudzatsegula chakumbuyo kuti aone mgolowo. Bambo ndawauza, ndipo andipangitsa kale kusuntha mpando wawo kuti ukhale mbali imene azidzaona bwino sipanala ikamagwira.